Masiku Ogwira Ntchito

Lachisanu, mwezi ukutha,
chiperoni chikunyowetsa Limbe mosafulumira,
tinafola kuchokera pakhoma la banki
mpaka pa dengu la mayi wogulitsa nthochi.
Ndinali wa khumi ndi chinayi,
ndikuwerenga zidendene za anzanga ndi ngongole zanga:
lendi ya a Namputo,
nsapato za Tiyesenji zimene zayasamula kutsogolo,
mayunitsi a magetsi, makala,
ndi kangachepe ka mayi kumudzi.

Nditafika ndinapukuta khadi pamalaya
monga timachitira ndi bango lotola pansi.
Ndinabisa zala, n'kudina manambala anayi,
chaka chimene ndinakwatira,
n'kupempha eyite sauzande.

M'mimba mwa khoma munayamba phaphapha,
ngati nkhunda zodzidzimuka padenga la depoti.
Kenaka zii.
Nyali inaphethira.
Phapha, kawiri kokha,
ngati kondakitala amene wamusokoneza akuwerenga chenji.
Kamwa linatseguka pang'ono, n'kulavula.

Fifite-faifi.
Ndinanyambita chala. Fifite-faifi.
Ndinazipekesa imodziimodzi,
kuti mwina zamatirirana ndi chinyezi.
Kapepala kanatuluka kakuti eyite.
Foni inanjenjemera m'thumba, nayonso ikuti eyite.
Mboni ziwiri zophunzira,
ine ndekha ndi chala chonyowa.

Munthu akakubera umamugwira kolala,
umamufunsa kwawo, umatchula amalume ake.
Koma khoma ulifunsa chiyani?
Diso lake n'kadontho kagalasi kosaphethira.
Linandithokoza.
Linati ndidzabwerenso.

Mlonda, a Likwemba, chibonga m'khwapa,
anandigwira chigongono mwaulemu.
"Musamenye, bambo, ali ndi kamera.
Mubwere Lolemba mudzalembe fomu.
Zimabwerera, pakatha masiku khumi ndi anayi
ogwira ntchito."
Ogwira ntchito!
Ngati njala nayonso imaweruka Loweruka.

Ndinaima pambali, mvula ikulowa m'khosi.
Wobwera pambuyo panga anali mnyamata
wa jekete yofiira, zingwe m'makutu.
Khoma linamuimbira phaphapha wautali,
wautali kuposa wanga.
Anawerenga. Anaima.
Anawerenganso, milomo ikuyenda.
Anayang'ana kumanzere, kumanja,
maso ake n'kudumpha pamene ndinaima ine,
anapinda zonse n'kulowetsa m'sokosi,
n'kuwoloka msewu osadikira minibasi idutse.

Sindikudziwa.
Mwina zake zinali zokwanira ndendende.
Mwina amathamangira odwala ku Gulupu.
Koma ndinaona nsapato za Tiyesenji
zikukhota pakona ya sitolo ya mmwenye,
zitavala jekete yofiira.

Ndinafuna kukuwa kuti wakuba!
Mawu anafika pakhosi n'kukumana ndi funso
limene silinafole pamzere:
likanakhala kuti khoma lalakwitsa chokomera iwe,
ukanabwera Lolemba kudzalemba fomu?
Ndinameza zonse ziwiri.

Ku Bangwe ndinafika kutada.
Mayi a Tiyesenji anawerenga patebulo,
anawerenganso pamwendo,
kenaka anasendera pafupi ngati akufuna kundichotsa kachitsotso,
koma ndinadziwa:
amanunkhiza mpweya wanga.
Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi m'nyumba imodzi,
makina a dzulodzuloli awakhulupirira kuposa ine.

Lolemba ndinalemba fomu.
Dzina, nambala, nthawi yeniyeni.
Pamene pakuti fotokozani chimene chinachitika
anasiyapo mizere itatu yokha.
Mtsikana wa pakauntala anadinda chidindo osadzutsa mutu,
n'kuika pepala langa pamwamba pa mulu
wa anthu ena amene ananyambita zala.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, logwira ntchito.
A Namputo asiya kuyankha moni.
Kapepala kaja ndinakasunga m'chitini cha mabatani,
ndimakatsegula m'mawa uliwonse.
Inki yake ikuthawa pang'onopang'ono.
Dzina la banki lapita kale,
tsiku latsala theka,
eyite uja wayamba kuoneka ngati filii.